Mbendera ya Agogo Kamada

Shunpei Oikawa anaipeza fosholo pomwe amaipeza nthawi zonse, itatsamira mtengo wa m'mbali mwa msewu, kutali ndi nyumba. Anapukusa mutu. Munthu wanzeru zake zonse angasiye fosholo kumsewu?

Anakweza maso pazenera la m'mwamba la nyumba ya Agogo Kamada. Mbendera panalibe.

Kwathu kuno kumpoto kwa chilumba cha Hokkaido achinyamata anathawa kalekale, m'midzi munatsala nkhalamba ndi mphepo. Ndiye a boma anabwera ndi nzeru. Wokalamba aliyense wokhala yekha azipachika mbendera yachikasu pazenera kukacha. Wopereka makalata akaiona, ndiye kuti mwini nyumba wadzuka wamoyo. Akapanda kuiona amaimbira ku ofesi yosamalira okalamba, ndipo ofesi tikunenayi inali Shunpei yemweyu ndi kagalimoto kake. Bwana wake ankakhala kutauni, kofunda.

Chipale chofewa chinali chitagwa mpaka m'chiuno, njira ya kukhomo osaoneka. Shunpei anayamba kukumba. Anabwera kuno chaka chatha kuchokera kumwera kotentha, manja ali ngati mapesi, koma tsopano jekete inkamuthina m'mapewa. Ankakumba mtima uli m'mwamba. Bwanji ngati lero wagwadi? Bwanji ngati ali gone pansi, mbaula itazima? Mantha amenewa ankamupatsa liwiro loti ngakhale thalakitala ikanachita manyazi.

Anafika pakhomo thukuta lili kamukamu.

"Agogo! Agogo Kamada!"

"Lowa, mwanangu, usandithyolere chitseko."

Anavula nsapato n'kulowa. Agogo Fumie Kamada anali khale pafupi ndi mbaula, ali bwinobwino, wailesi ikulira mokweza. Patebulo panali makapu awiri a tiyi ndi timikate ta maungu totentha. Shunpei anayang'ana kapu yachiwiriyo, kenako chithunzi cha malemu a Kamada pa kaguwa ka pangodya, chisoni chinamugwira. Mwamuna anamwalira zaka zapitazo, koma agogo akumuthirirabe tiyi.

"Agogo, mbendera."

"Ii, sindinapachike kodi? Kamutu aka! Imwa tiyiyo asanazizire."

Anamwa tiyi wa malemuyo mochita manyazi. Mbendera inali pampando, yopindidwa bwino, yosita kumene.

"Fosholonso mwaiiwala kumsewu."

"Ayi! Fosholonso? Ndiye ndatha ine."

Shunpei anaika kapu pansi. Mawu amene anabwera nawo ankamulemera. Bwana anali atanena mosapsatira kuti mbendera imeneyi ikasowanso, aimbira mwana wa agogoyu ku Sapporo, kuti akatule mayi akewo ku nyumba yosungirako okalamba ku Wakkanai. Anawafotokozera pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Agogo anasiya kutafuna. Kwa nthawi yoyamba nkhope yawo inasintha.

"Ku Wakkanai? Kumene amagoneka anthu dzuwa lisanalowe? Nanga bambo awa ndiwasiyira ndani? Nyumba ino anamanga ndi manja awo. Ine ndidzatuluka muno atandinyamula."

"Ndikudziwa, agogo, koma lamulo..."

"Takhala chete kaye."

Wailesi inali itayamba za nyengo. Agogo anatchera khutu, kukamwa kuli yasa, ngati mwana womvera nthano. Shunpei anawayang'ana misozi ikulengeza m'maso. Akuwauza zoti achotsedwa pakhomo pawo, iwo mtima uli pa mitambo. Anali atawerenga zimenezi kusukulu. Matenda oiwalaiwala a ukalamba amayamba chonchi.

Komatu nkhalamba imeneyi ankaikonda. M'mudzi monse ndi yokhayi imene inkamufunsa ngati wadya. Aipereke yekha m'manja mwa bwana? Ayi.

Anagwada bwino n'kuweramitsa mutu.

"Agogo, ndichita chinthu chimene chingandichotsetse ntchito. Kuyambira mawa ndizibwera m'mawa uliwonse wamakalata asanadutse. Mbenderayo ndizipachika ndekha. Bwana sadziwa kanthu."

"M'mawa uliwonse? Ngakhale chipale chitagwa?"

"Ngakhale chitafika padenga."

Agogo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Amayi ako anabereka, mwanangu. Tenga timikate tina, waonda."

Anamuperekeza mpaka pakhomo. Shunpei anaimika fosholo m'kati mwa khonde, n'kuwaonetsa ndi chala kawiri konse kuti malo ake ndi amenewo. Agogo anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu. Anayenda m'kanjira kake kowongoka bwino kaja mtima uli mbee, akudzimva kuti lero wapulumutsa munthu.

Kagalimoto katangokhota, agogo anachepetsa wailesi n'kuimbira foni nkhalamba inzawo ya m'mudzi momwemo.

"Mayi Chiyono? Zanga zatheka, azibwera tsiku ndi tsiku. Wailesi yati mawa chigwa chambiri, ndiye mbendera muiwale ndinu, akukumbireni njira nanunso. Fosholo mukaiike kumsewu kusanade, tiyi wake akhale wotentha, koma musaiwale pafupipafupi ngati ine, mwanayu amayamba za ku Wakkanai."