Chitseko cha a Njiri

Padangokhala Nungu, mwini una wa zipinda ziwiri. Chipinda chakumaso ankachititsa lendi kwa Njiri, yemwe ankagona mano ake aatali ataloza kukhomo.

Mwezi wa njala, Njiri anachedwa kupereka chinangwa cha lendi.

"Bwana, dikiraniko mvula ithe," anapempha Njiri. "Anawa akadali akhanda."

"Una uno si wa boma," anatero Nungu, n'kuzula chitseko kuti mphepo iwathamangitse.

Njiri anasamuka mvula ikugwa, ana ali pambuyo. Posakhalitsa Fisi anadutsa. Chitseko panalibe, mano aja panalibenso. Analowa n'kutuluka ndi mwana wa Nungu, yemwe minga yake inali isanakhwime.

Mpaka lero Nungu amaimitsa aliyense wodutsa: "Mukakawaona a Njiri, mukawauze kuti chitseko chija ndinabwezerapo."