Njinga Itagwa Pamphambano

Njinga yamoto inagwa pamphambano isakuthamanga n'komwe. Inangopendekera kumanzere, mbali imene mkazi wa mkulu amene ankaiyendetsa anafa ziwalo, ndipo mwendo wa mkuluyo unalephera kuichirikiza.

Anagona pamsewu onse awiri, nsalu itawamanga pamodzi m'chiuno. Mkuluyo anaimanga yekha ponyamuka ulendo wakuchipatalawu, poti dzanja la mayiyo silinkathanso kumukumbatira ngati kale. Tsopano mfundo inali pansi pa mimba yake, phazi pansi pa injini yotentha.

"Bambo ake, mwapweteka?" mayiyo anafunsa, lilime likulemera.

"Ayi, ndikungopumako. Malo ano ngabwino."

Magalimoto analiza mahutala. Anthu anathamangira pomwepo nadzutsa njingayo, wina n'kudula nsalu ija ndi mpeni. Woyendetsa takisi ananyamula mayiyo ngati khanda.

"Madala, odwala sakwezedwa pa chimenechi. Mukufuna muwaphe?"

"Zaka zonsezi amakwera pomwepa," anatero mkuluyo, koma palibe anamumva.

"Musandisiye, bambo ake!" mayiyo anaitana ali pampando wakumbuyo wa takisiyo, chisoti chake chofiira chidakali kumutu.

"Ndili pambuyo panupa!"

Takisi inanyamuka. Mkuluyo anakwera njinga yake naponda kiki. Inangotsokomola n'kukhala chete. Anapondanso, fungo la petulo likumutsamwitsa. Atati ayesenso, mwendo unakaniratu kunyamuka.

Anangokhala atagwira mahandulo, maso ali pagalasi lakumbuyo la takisi, mmene chisoti chija chinkatembenukabe kumufunafuna, mpaka basi inalowa pakati pawo.