Kanema wa a Kalekeni

"Loboti yanga inadutsa mzere musanaimbe wezulo!" anatero Feliya.

Woweruza mpikisano wa maloboti a ana asukulu ku Chamama anapukusa mutu. Iye anaona kuti inachedwa, ndipo wopita kumpikisano waukulu ku Lilongwe anali wopambana yekha basi.

"Chabwino," anatero woweruzayo, "ngati alipo amene wajambula, tionere kanemayo."

Mafoni analipo ambirimbiri muholomo, koma kholo lililonse linkajambula mwana wake. Feliya, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya, anamwazamwaza maso, osaona ndi mmodzi yemwe womudziwa.

Kenaka chakukhomo kunatulukira bambo ake, a Kalekeni, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anali atazemba kuchigafa, atabwereka foni kwa mnzawo, ndipo nthawi yonseyi anali ataima pakhomo pomwepo.

"Ndajambula zonse, bwana, kuyambira poyambirira."

Woweruza anaonera mphindi zonse zitatu, n'kupereka foniyo kwa Feliya. Munali nkhope ya mtsikanayo yokhayokha, akuluma mlomo, akupukuta thukuta, akumwetulira. Lobotiyo sinaoneke ngakhale tayala lake.

"Zaoneka bwino eti, Feliya?" anafunsa bambo akewo.