Kabakuli ka mu Ofesi ya Ahedi

"Mwamuonanso?" mayi wogulitsa mpunga anakodola mlonda wa pageti. "Tsiku lililonse amalowa ndi kabakuli mu ofesi ya ahedi. N'chifukwa chake amangomutamanda!"

Ankanena mlamu wake, yemwe anayamba kugulitsa chakudya pasukulupo chaka chomwecho. Mtima unkamuwawa: iye zaka zisanu ndi ziwiri akudyetsa ana, koma sanamvepo ndi zikomo yemwe.

Mawa lake anadzaza mbale yaikulu, ntchafu ya nkhuku pamwamba, n'kukaisiya patebulo la ahedi. Anatero mwezi wathunthu.

Kenako kunabwera woyendera zaumoyo kudzaona ziphaso. Atatsegula furiji ya mu ofesimo, anapeza timabakuli ta mlamu uja titandandalikidwa bwinobwino, kalikonse kolembedwa tsiku lake.

"Lamulo lili kuseri kwa chiphaso chanuchi, mayi," woyenderayo anauza wogulitsa mpunga uja. "Muzisunga chakudya pang'ono kuti mwana akadwala tichiyeze. Chanu chili kuti? Popanda chimenecho sindisaina."

"Ine ndimabweretsa mbale yathunthu, bwana! Afunseni ahedi."

Ahedi anayang'ana kudenga, n'kumasulako lamba mwakachetechete.