Manyi a Mbewa ya Boma

Lamulo linali lakuti khomo lililonse lisunge mbewa yoyera ya boma, izidya zomwe banja likudya, manyi ake nkumakapimitsa pa makina. Makinawo akaona zizindikiro za zilonda m'matumbo, banjalo ankaliletsa tsabola ndi mowa.

Esinati zinkamuchititsa nseru, choncho wotola manyiwo anali mwamuna wake, Layisoni. Makina ankangoti zonse zili bwino, chonsecho mwana wawo Tamanda ankachita chimbudzi chamagazi, akuwonderawondera.

Tsiku lina Esinati anapeza Layisoni atanjuta kuseri kwa nkhokwe, akuwola manyi a makoswe ndi supuni yodyera phala ya mwanayo.

"Amake Tamanda, mukufuna atiletse mowa?" ananong'ona bamboyo.

Esinati analavula pansi. "Nyambitani supuniyo, bambo. Si makina akuti zili bwino?"