Kyutekisi pa Kamushafuti

Bambo a mapasa atatulutsa kabotolo ka kyutekisi m'thumba la ovolosi, akazi awo anangoti chilili pakhomo la galaja, chakudya cha masana chili m'manja.

Bambowo sanawaone n'komwe. Anali kalikiliki kudzionetsera kwa mwini galimoto, pakamwa pali yaviyavi.

"Bwana, injini ikamatsokomola chonchi, anzangawa amathamangira mapulagi. Ine ayi! Lamba wa taimingi walumpha dzino limodzi. Onani chizindikiro cha pa kamushafuti, chasemphana ndi chinzake, ndiye mavavu akutseguka nthawi yolakwika. Ndiike kadontho kuti chioneke bwino."

Anadontheza pa giya. Kyutekisi wake wapepo, wonyezimira.

Mayi a mapasa anamuzindikira pompo. Mng'ono wawo, uja amakhala mwawo n'kumadzuka dzuwa litatentha, anasokosera naye dzulo tsiku lonse, akuti anamuiwala kukwaya. Kukwaya! Kwaya yake ndi imeneyi eti, yonunkha oyilo, ya mimba ngati tayala la thirakitala?

"Ine kanthu kakangosuntha pang'ono, ndimadziwa," anatero bambowo akudzimenya pachifuwa.

"Zoonadi akatswiri, ngakhale ine," anatero mayiwo.

Bambo anatembenuka, kabulashi kali m'malere. Mwini galimoto anayamba kuyang'anitsitsa matayala ake ngati sanawaonepo.

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kutsonya.

"Malizani kupaka, musatayire. Mukabwezere mlamu wanu. Mukamupeza pageti atakhalira chikwama chake, chanu chili pambali."