Helikopita ya Mumdima

Mdala wogulitsa helikopita anakankha chitseko cha shedi pang'ono chabe, n'kubisa kanthu kuseri kwa chitsekocho, n'kulowa osayatsa magetsi. Wogula anamutsatira mtima uli m'mwamba. Iii, katundu wabwinobwino amaonetsera mumdima ngati?

Helikopitayo inali yaing'ono, ya mipando inayi, ya injini ya tebaini. Wogulayo ankaifuna kuti mng'ono wake, yemwe anali atangokwatira kumene, azipopera nayo mankhwala m'minda. Mayi awo anali atanena kale poyera: "Ukamugulira bokosi la maliro mwana wangayo, usadzapondenso pakhomo pano."

Mdala ankaizungulira pang'onopang'ono, chikhato chili pa penti. Atafika kumchira anaima, zala zikusisita malo amodzimodzi. Eya, mng'alu uli pamenepo, anatero wogula mumtima, angoumata ndi penti. Anaunika ndi katochi ka foni koma kanali kotha moto, sanaone kanthu.

Komanso mdalayo sankamuyang'ana m'maso. Akamayankha, nkhope inkaloza kukhoma.

"Achikulire, ndamva kuti munkaiyendetsa nokha zaka zonsezi. Nanga mukuigulitsiranji?"

"Yangondikwana basi."

"Ndiye tiitulutse. Pa ntchito ino wogulitsa ndiye amayamba kuiulutsa, wogula akuonerera ali pansi. Inu mukuzidziwa zimenezo kuposa ine."

Mdala anapukusa mutu. "Injini ndikulizirani, mumve nokha. Koma kuuluka ayi. Mubwere ndi woyendetsa wanu."

"Woyendetsa wanga ndi mng'ono wanga, bere limodzi!"

Apa ndiye wogula anapsa mtima, ulemu wonse unathawa. "Inu mukuopa kukwera, koma mwana wa eni ake akwere? Manyazi mulibe? Ndi imvi zonsezi mukufuna kupha munthu ndi chitsulo chowola? Muyatse magetsi tione zimene mukubisazo!"

Mdala anabwezera dzanja lake pamchira paja.

Phokosolo linatulutsa mwana wamkazi wa mdalayo mu ofesi. Anafika akuthamanga n'kudina swichi, shedi yonse mbee! Wogula anatsinzina. Atatsegula maso anathamangira kumchira. Panalibe mng'alu, panalibe chomata. Panali kachitsulo kakang'ono kozokotedwa dzina la mwini wake, kosalala chifukwa chosisitidwa.

Anatembenuka. Babu lalikulu linali kuwala pankhope pa mdala penipeni, koma iye sanaphethire n'komwe.

"Ndiwe, mwananga?" anafunsa mdalayo, nkhope ili kukhoma. "Mlendoyu ndaiwala kumuyatsira magetsi, eti?"

Mtsikanayo anatola ndodo yoyera ya anthu osaona kuseri kwa chitseko n'kuiika m'dzanja la bambo ake.